MWALA WACILENDO: PFUPA, DZIRA, KAPENA MWALA CABE?

Nkhani yathu ya lero ndi ya miyala. Sindirikunena miyala ya mtengo wapatali imene anthu amakumba kuti alemere nayo iai, koma miyala ija yozizwitsa imene munthu amatola m'cigwembe kapena m'mbali mwa mtsinje, naitembenuza-tembenuza m'manja, osadziwa kuti nciani. Wina ati ndi pfupa la cinyama cakale. Wina ati ndi dzira. Wina ati unagwa kucokera kumwamba; ndipo wina, amene sasowa pa mudzi uli wonse, ati ndi mankhwala, usaukhudze. Potsiriza pace mwalawo uswedwa ndi nyundo, kapena ugulitsidwa kwa munthu wapaulendo, kapena uponyedwa kuseri kwa nkhokwe. Ngati unali mwala cabe palibe kanthu. Koma ngati unali cinthu ceniceni ca makedzana, mbiri yace yatayika kosabweranso.

Musaganize kuti osokonezeka ndi anthu osaphunzira okha. Akatswiri amene nchito yao ndiyo kufuna mafupa akale amawerama kambiri pa tsiku, ndipo zambiri zimene amatola amazibweza pansi. Kusiyana kwao ndi ife nkwakuti iwo ali ndi mafunso amene amafunsa mwala, ndipo mafunsowo munthu ali yense angathe kuwaphunzira.

Tiyambe ndi kumvetsa umo pfupa limasandukira mwala. Nyama ikafera pamtetete, afisi ndi miimba amadya gawo lao, dzuwa ndi mvula zimatsiriza, ndipo pakapita zaka zowerengeka sipatsala kanthu. Koma ikafera m'mbali mwa mtsinje pa nthawi ya cigumula, matope amaikwirira msanga. Mnofu ubvunda, mafupa atsala. Madzi a pansi pa nthaka, amene amatenga laimu, citsulo ndi zina zosungunuka, amalowa m'timaenje ta pfupalo nasiya zimene anatengazo pang'ono ndi pang'ono, kufikira pfupa lilemera ndi kuuma. Matope aja naonso, popsinjidwa ndi matope ena pamwamba pao, amasanduka thanthwe. Cotsala cotere, kaya ndi pfupa, kaya dzino, kaya tsamba, kaya phazi lodindika m'thope, pa Cingerezi amacicha fossil.

Cifukwa cace funso loyamba si lakuti, "Mwala uwu ufanana ndi ciani?" Maso amanyenga, mtambo womwe umafanana ndi ng'ombe. Funso loyamba ndi lakuti, "Mwala uwu unagona pati?" Matanthwe a ku Matobo ndi a phiri la Mulanje anali phala la moto limene linazizira pansi pa dziko. Miyala yambiri imene iri pansi pa minda ya ku Lilongwe ndi ku Chipata inaphikidwa ndi kupsinjidwa kozama kwambiri kufikira inasintha maonekedwe. M'miyala yotere simungakhale pfupa, monga simungakhale nthenga m'ng'anjo. Mukatola pamenepo mwala wooneka ngati mutu wa njoka, ndi mwala ndithu, ngakhale ukhale ndi maso awiri. Mafupa akale amapezeka m'miyala yoyalana-yalana ngati mphasa zosanjikiza, miyala ya mcenga ndi ya thope, ndipo kuno kwathu yotereyi iri makamaka m'zigwa: ca Luangwa, ca Zambezi, kumunsi kwa Shire, ndi m'mphepete mwa nyanja ca kumpoto kwa Malawi. Cizindikiro cina ndi malasha. Kumene akumba malasha, monga ku Hwange, ku Maamba, ku Mchenga ndi ku Moatize, miyala ya pafupi nthawi zambiri imakhala ndi masamba odindika, ooneka ngati lilime, a mtengo wochedwa Glossopteris umene unatha kale-kale.

Malo ochuka koposa ku Malawi ndi Mwakasyunguti, m'boma la Karonga. M'zaka za m'ma 1920 Frank Dixey, amene anali katswiri wa miyala wa Boma la nthawi imeneyo, anasonkhanitsa mafupa kumeneko, ndipo m'caka ca 1928 Sidney Haughton wa ku South Africa anawalongosola kuti ndi a dinosaur, cinyama cacikuru ca khosi lalitali ndi mcira wautali, codya masamba. M'caka ca 1993, atakumba mafupa ena ambiri, Louis Jacobs ndi anzace, mmodzi wa iwo Elizabeth Gomani wa ku Malawi komwe, anacipatsa dzina latsopano lakuti Malawisaurus dixeyi. Cinakhala ndi moyo zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, ndipo cifanizo ca mafupa ace caimikidwa m'nyumba yosungiramo zakale ya ku Karonga, imene inatsegulidwa mu 2004. M'miyala yomweyo munaturuka kang'ona kakang'ono, kotalika pafupifupi masentimita 60, kamene Gomani anakacha Malawisuchus mu 1997. Mano ace a m'kati ali ndi timitu-timitu ngati mano a nyama zoyamwitsa, osati zisonga zokha-zokha monga a ng'ona za lero. Wotola dzino limodzi lokha la kanyamaka angalumbire kuti si la ng'ona. Ndacichula kuti muone kuti ngakhale cinthu citakhala fossil yeniyeni, kudziwa mwini wace ndi nchito ina.

Tsono tifike pa mwala umene umanyenga anthu ambiri koposa yonse, ndiwo mwala wobulungira. Munthu aupeza m'cigwembe, wosalala, wolemera, mwina iwiri kapena itatu pamodzi, ndipo mtima wace uti, "Mazira a dinosaur!" Pafupifupi nthawi zonse si mazira. Ndi mwala umene unadzikulira wokha m'kati mwa thope kapena mcenga. Zimacitika motere: kanthu kakang'ono, monga tsamba, cigoba ca nkhono kapena kapfupa, kakwiririka m'thope. Laimu kapena citsulo ca m'madzi ciyamba kumatirira pa kanthuko, cimanga mcenga wozungulira monga simenti, ndipo cotupaco cimakula kunka kunja mbali zonse mofanana. Ndico cifukwa cace cimabulungira. Popeza ncolimba kuposa thanthwe locizinga, mvula ikakokolola thanthwelo ico cimatsala pamtunda cokha. Akatswiri amacicha concretion. Zina zimang'aluka m'kati, ming'aluyo nidzala ndi mwala woyera kapena wacikasu, ndipo zikaperepeseka kunja zimaoneka ngati msana wa fulu. Pamenepo anthu amati apeza fulu wosanduka mwala.

Nanga dzira lenileni mungalidziwe bwanji? Ganizani za dzira la nkhuku. Liri ndi cigoba copyapyala, cocindikala mofanana ponse-ponse, cosiyana ndi za m'kati mwace. Dzira losanduka mwala limasunga cigobaco. Mukayang'ana pamene pabenthuka muona kampheto kopyapyala kosiyana ndi mwala wa m'kati, ndipo ndi galasi lokuza zinthu muona timaenje tating'ono timene mwana anali kupumira. Kawiri-kawiri cigobaco cimakhala cophwanyika-phwanyika, ndi dzira lophwatalala, cifukwa ca kulemera kwa nthaka. Mwala wodzikulira uja ulibe cigoba: kapena uli cimodzimodzi kunja ndi m'kati, kapena uli ndi mipheto yocindikala yokutana-kutana ngati anyezi. Ukuru naonso umanena. Mazira obulungira a dinosaur sapitirira patali ukuru wa mpira wamiyendo, cotero mwala wofika pa mtsuko musauganizire nkomwe.

Tamverani umo mazira enieni anadziwikira kumwera kwa Africa. M'caka ca 1976 James Kitching, mmodzi wa akatswiri opeza mafupa a ku South Africa, anali kuyang'ana miyala imene okonza mseu anaphulitsa ku Golden Gate, m'cigawo ca Free State. Anatola cibenthu cokhala ndi timiyala tobulungira, kali konse kotalika pafupifupi masentimita 6, tocingidwa ndi cigoba copyapyala kwambiri. Anazindikira kuti ndi mazira, naona kuti muli timafupa. Koma zipangizo zoturutsira timafupa tosalimba cotero osatiphwanya panalibe, ndipo iye sanakakamize. Cibenthuco cinakhala pa yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg zaka zambiri, kufikira cinatumizidwa ku Canada, kumene Diane Scott anacotsa mwala pang'ono-pang'ono ndi tizitsulo tosongoka, alikuyang'ana pa makina okuza zinthu. Mu 2005, patapita zaka 29, Robert Reisz ndi anzace analengeza kuti m'maziramo munali ana a Massospondylus, a zaka pafupifupi 190 miliyoni, atadzipinda monga mwanapiye asanaswe. Mafupa a dinosaur yemweyu amapezekanso ku Zimbabwe. Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha; nyundo imodzi mu 1976 ikadatha nkhani yonseyi.

Koma ndisakusokeretseni kuti mwala wodzikulira ndi wacabe. Kumbukirani kuti umakula mozinga kanthu. Ku cigwa ca Luangwa, kumene Dixey anayendakonso, mitu yathunthu ya nyama zimene zinakhalako dinosaur asanaoneke, zaka pafupifupi 255 miliyoni zapitazo, imapezeka yotsekeredwa m'miyala yobulungira yotereyi. Kunja kumangosuzumira nsonga ya dzino, kapena mzere wa pfupa la pamwamba pa diso. Wodziwa amatola mwala wonse nakaupala miyezi yambiri m'nyumba. Wosadziwa amauswa kuti aone za m'kati, ndipo amaonadi, koma zidutswa.

Za pfupa lenileni, njira yabwino yophunzirira iri pa mbale yanu. Tsiku limene mwadya nyama ya ng'ombe, tengani pfupa lothyoka muliyang'anitsitse. Kunja kuli khungu lolimba losalala, lokhala ndi timizere toyenda m'litali. M'kati, makamaka ca kumapeto, muli timaenje tosawerengeka tolukana ngati cinkhupule. Pfupa likasanduka mwala mtundu umasintha, lingakhale lofiirira, lotuwa kapena lakuda, koma mamangidwe awa sasintha. Mwala wamba ulibe kunja ndi m'kati. Ukauswa uli ndi timcenga kapena tonyezimira ponse-ponse. Ofuna mafupa ali ndi kaciyeso kena koseketsa: amanyowetsa cala, kapena kugunditsa lilime lomwe, ndipo pfupa limamata pang'ono cifukwa timaenje tace timayamwa cinyezi. Ine ndinena cala, osati lilime. Miyala ina ya m'zigwa zathu iri ndi uranium, monga umene unakumbidwa ku Kayelekera m'boma lomwelo la Karonga, ndipo mafupa akale amatha kuuyamwa. Ndiponso dothi louma limamatanso, cotero ciyesoci si mboni yokwanira payokha.

Bvuto lina ndi lakuti pfupa lingakhale pfupa ndithu, koma la ng'ombe imene inafa caka ca njala. La masiku ano ndi lopepuka, ndipo mukaligogoda limalira mogonthera. Mukaligunditsa singano yotentha m'mphepete limanunkha ngati tsitsi lopserera. Losanduka mwala ndi lolemera kuposa umo diso linayembekezera, limalira ngati mbale yadothi yootcha bwino, ndipo moto suliturutsa pfungo.

Ziripo zina ziwiri zimene zimadzionetsa ngati mafupa. Coyamba ndi mtengo wosanduka mwala. Umakhala ndi mitsempha yoongoka ya nkhuni, mwina mfundo za nthambi, mwina mizere yozungulira ya zaka, ndipo ngwolimba kotero kuti mpeni suukanda. Amene mumayenda pa mseu wa Lusaka kunka ku Chirundu mwaona malo osungidwa ndi Boma kumene zipika zotere zagona pamtunda ngati nkhuni zoiwalika. Ziri zambirinso m'cigawo ca Tete. Caciwiri ndi timiyala toyera ta laimu timene tinamatirira pa mizu ya zomera zakale, mizuyo nibvunda, kusiya timipope tokhota-khota tofanana ndi mafupa a zala. Dontho la viniga kapena la ndimu limacita thobvu pa laimu, ndipo kamwala kotere kamacita thobvu pali ponse, kopanda cinkhupule cija m'kati.

M'miyala yocepa zaka ya ku Karonga, imene akatswiri amaicha Chiwondo Beds, timiyala ta laimu timeneti tacuruka, ndipo pakati pace ndipo pamabisala zenizeni. Mu 1991, pa Uraha, mmodzi wa Amalawi a m'gulu la Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage anatola nsagwada ya pansi, yothyoka pawiri, ya munthu wamakedzana wa zaka pakati pa 2.3 ndi 2.5 miliyoni. Pa dzino lina panasowa kacidutswa. Popeza malo anadziwika bwino lomwe, caka cotsatira anabwerera nasefa dothi lambiri-mbiri la pamenepo, kufikira kacidutswako kanapezeka, nikalowa pamalo pace. Nsagwadayo ikadafika kwa iwo m'thumba la munthu wongoti, "Ndinaitola uko ca kunyanja," sakadadziwa posefa.

Ndifuna ndikhalitse pang'ono pa nkhani ya ku England, cifukwa imaonetsa bwino umo mwala wacilendo umadziwikira. Ku Lyme Regis, m'mbali mwa nyanja yamcere, kunali mai wina dzina lace Mary Anning, amene anabadwa mu 1799 namwalira mu 1847. Anali mwana wa mmisiri wa matabwa, wosauka, wosaphunzira sukulu zapamwamba, ndipo anali kudya za kugulitsa mafupa amene anatola m'maphompho a kwao. M'maphomphomo munali kupezeka timiyala totuwa, totalika ngati mbatata yaing'ono, tina tokhala ndi mizere yopota. Anthu anaticha miyala ya bezoar, pofanizira ndi miyala imene imapezeka m'mimba mwa mbuzi, imene kale anthu anaiyesa mankhwala. Dzina linalipo, koma tanthauzo panalibe. Mary Anning anapenya zinthu ziwiri zimene ena sanasamale. Coyamba, pofukula mafupa athunthu a ichthyosaur, cokwawa ca m'nyanja cooneka ngati nsomba yaikuru, timiyalati tinali kupezeka kawiri-kawiri pamalo amodzi, pakati pa nthiti ndi ciuno, pamene panali matumbo. Caciwiri, kamwala kotere kakasweka, m'kati munali mamba ndi minga ya nsomba. Mwala wokhala m'matumbo, wodzala ndi zotsala za cakudya, ungakhale ciani? Inu a kumudzi mwayankha kale, pakuti mlenje ali yense amadziwa nyama poona ndowe zace.

William Buckland wa ku Oxford anatenga mfundoyi naiyesa. Pofuna kumvetsa mizere yopota ija, anathira simenti m'matumbo a nsomba za mtundu wa shaki, amene ali opota m'kati, ndipo simentiyo itauma inaturuka ndi mizere yofanana. Mu 1829 analengeza kuti miyalayo ndi ndowe zosanduka mwala, naipatsa dzina lakuti coprolite. Anthu anaseka, koma kuyambira pamenepo kunatheka kudziwa cimene nyama yakufa kale-kale inadya. Maiyo sanaloledwe kukhala membala wa bungwe la akatswiri a miyala la ku London, popeza silinali kulandira akazi masiku amenewo. Ndipo ine ndiona kuti bungwelo ndilo linaluza. Cina codabwitsa ncakuti kuyambira m'zaka za m'ma 1840 anthu a ku Suffolk ndi Cambridgeshire anakumba miyala yambiri imene anaicha dzina lomweli, naipera kupanga feteleza, cifukwa inali ndi phosphate. Koma yambiri mwa iyo sinali ndowe konse, inali miyala yodzikulira ija. Ngakhale kwao kwa dzinalo anasokoneza.

Tsono za mwala wakuda wolemera, umene anthu amafulumira kunena kuti unagwa kumwamba. Miyala imagwadi. Ku Zomba unagwa mu 1899, ku Monze mu 1950, ndipo ku Machinga mu 1981 kunagwa wolemera makilogalamu 93. Koma yotere njosowa kwambiri, pamene yofanana nayo iri ponse-ponse. Wogwa kumwamba umakhala ndi khungu lakuda lopyapyala, losaposa cikhadabo, limene linapsa pakudutsa mumlengalenga. M'kati mwa yambiri ndi motuwa, muli timadontho tonyezimira ta citsulo. Maginito amaugwira. Mwina umakhala ndi timaenje tosazama ngati pamene cala cadinda dothi loumbira mbiya. Cimene sukhala naco ndi matuza a mpweya. Mwala wakuda wodzala ndi mabowo ngati cisa ca njuci, wooneka ngati phula limene linayenderera niliuma, sunacoke kumwamba: ndi zotsala za m'ng'anjo. Makolo athu anasungunula citsulo m'maiko ano kwa zaka zoposa 1,500, ndipo pali ponse pamene panali ng'anjo pamatsala milu ya zoterezi, pamodzi ndi zidutswa za mipope yadothi imene inali kulowetsa mpweya. Ku nkhalango ya Kasungu ng'anjo zina zikadaimirira. Munthu amene wapeza zimenezi asakhumudwe. Sanapeze nyenyezi, koma wapeza pamene agogo ace anapangira makasu, ndipo ofufuza mbiri amafuna kumva za malo otere.

Palinso mtapo weniweni wa citsulo, umene naonso ngwolemera. Ciyeso cace ncapafupi. Tembenuzani mbale kapena kapu yadothi yoyera, mukhwekhweze mwalawo pa mkombero wa pansi pamene palibe cinyezimiro. Mzere wofiira ngati magazi ouma ndi mtapo wochedwa hematite. Mzere wakuda, pa mwala wogwira maginito mwamphamvu, ndi magnetite. Mwala wogwa kumwamba susiya mzere weniweni, mwina kotuwa pang'ono cabe.

Zina ndingozichula mothamanga. Mukaswa mwala ndi kupeza cithunzi cakuda ca kamtengo kokongola kokhala ndi nthambi zosawerengeka, si comera iai. Ndi manganese amene analowa ndi madzi m'mng'alu nauma motero. Mudzaona kuti kalibe tsinde kapena mitsempha ya tsamba, ndipo kali kopyapyala ngati utoto. Mwala wacikasu wonyezimira wa ngondya zoongoka si golide koma pyrite: golide amaphwatalala pomenyedwa, uyu amanyenyeka nasiya mzere wakuda. Ndipo mwala wobulungira wobooka pakati, bowo lace lotambalala mbali zonse ziwiri ndi lopapatiza m'kati, sunapangidwe ndi madzi. Unabooledwa ndi manja a anthu akale, ndipo kumwera kwa Africa miyala yotere inali kubvekedwa pa ndodo yokumbira mizu kuti ilemere.

Mwina wina alikufunsa kuti, "Nanga ndikapeza cinthu ceniceni, ndipindulanji?" Ndiyankhe mosabisa. Ku Malawi, ku Zambia ndi ku Zimbabwe malamulo amateteza zinthu zamakedzana, ndipo kuzikumba, kuzigulitsa kapena kuziturutsa kunja popanda cilolezo ndi mlandu. Munthu wobwera ndi galimoto nakuuzani kuti mwala wanu ngwa ndalama zosaneneka, koma muyambe mwapereka kangacepe kuti akauyeze, ameneyo alikuyeza thumba lanu. Wina amagula pfupa ndi mtengo wa thumba la mcere, napita nalo kosadziwika. Phindu loona ndi la mtundu wina, ndipo limacedwa: ku Karonga kuli nyumba imene ana a sukulu ndi alendo amapitako, ndipo dzina la Mwakasyunguti lalembedwa m'dzina lathunthu la kang'ona kaja, Malawisuchus mwakasyungutiensis, limene akatswiri a maiko onse ayenera kuphunzira kulichula.

Cotero mukaona cinthu cotere cikadali m'thanthwe, musacizule. Pfupa limodzi looneka kawiri-kawiri liri ndi anzace pansi, ndipo magonedwe ao ndi theka la nkhani. Cijambuleni ndi foni, muike bokosi la macesi pambali pace kuti ukuru wace udziwike, mujambulenso malo onse muli pataliko, kuti mtengo, culu kapena phiri lioneke. Cimene cagubuduka kale, cimene mvula yamawa ingacitenge, citoleni, mucikulunge m'pepala kapena nsaru, osacitsuka ndi sopo, osacipaka mafuta kapena utoto, ndipo pamene cinali muunjikepo miyala. Auzeni amfumu, popeza nthaka njao. Kenaka tumizani mau: ku Malawi, ku nyumba ya zakale ya ku Karonga kapena ya ku Chichiri mu Blantyre, kapena ku ofesi ya Geological Survey ku Zomba, ku Zambia, ku National Heritage Conservation Commission kapena ku Livingstone Museum, ku Zimbabwe, ku Natural History Museum ya ku Bulawayo. Safunsa anadya phula. Akakuyankhani kuti ndi mwala cabe, funsani kuti anadziwira ciani, kuti ulendo wina mudzadziwe nokha.

Cifukwa cimene ndirikulimbikira za malo ciri m'mbiri ya ku Kabwe. Pa 17 June 1921, mu mgodi wa mtobvu ndi zinc umene masiku amenewo unali kuchedwa Broken Hill, Tom Zwigelaar wa ku Switzerland, pamodzi ndi wanchito mnzace wa ku Africa amene dzina lace silinalembedwe, anaturukira cigaza ca munthu m'phanga lakuya pansi. Cinali ndi mphumi yotsika, mafupa ocindikala pamwamba pa maso, ndi mano obooka ndi kufumbwa. Mafupa ambiri a nyama a m'phangamo anali ataponyedwa kale m'ng'anjo za mgodi, popeza anali atayamwa mtapo. Cigazaco cinapulumuka, cinatumizidwa ku London, ndipo Arthur Smith Woodward anacilongosola caka comweco. Koma panalibe amene analemba bwino-bwino pamene cinagona, kapena zimene zinali pamwamba ndi pansi pace. Pamene Aleš Hrdlička anafika kucokera ku America mu 1925 kudzafunsa, anadalira zokumbukira za okumba, zimene sizinagwirizane. Ndipo phangalo linakumbidwa lonse mpaka kutha. Kwa zaka pafupifupi 100 akatswiri anangoyerekeza zaka za cigazaco, wina izi, wina izo. Mu 2020 ndi pamene Rainer Grün, Chris Stringer ndi anzao, poyeza cigaza cenicenico ndi tizidutswa ta dothi timene tinapalidwa pa ico kale, anapeza kuti ciri ndi zaka pafupifupi 299,000. Mgodi unatsekedwa mu 1994. Cigazaco cikadali ku Natural History Museum ku London, ndipo Boma la Zambia lakhala likupempha kuti cibwerere kwao.

M'kalata kapena uthenga wanu, tsono, mulembe tsiku limene munapeza mwalawo, mudzi ndi mfumu yace, dzina la mtsinje kapena cigwembe, mtundu wa thanthwe limene unagonamo, ngati unali pamtunda kapena wokanirira, ndi ngati pafupi panali ina yofanana nao.